Ndikusamukira ku Lilongwe, mwamuna mnzanga wa singo ndikampeza kuti?

Funso ili lachokera kwa mnyamata wina wa ku Kasungu, dzina sinditchula ndipo tina ndasintha dala kuti asadziwike. Akuti: "Akulu, ine ndili ndi zaka 27, ndimakhala pa Kasungu boma, mtima wanga umakonda amuna anzanga ndipo ndinazizindikira ndili Fomu 2. Kuno palibe akudziwa. Mwezi wa mawa ndikupita ku Lilongwe, ndapeza ntchito. Onse amene ndachezapo nawo pa Facebook amapezeka kuti ndi okwatira kapena akungofuna ndiwatumizire ya thiransipoti basi. Ine ndikufuna munthu mmodzi, wa singo, woti tizikondana zenizeni. Ku Lilongwe anthu otere amapezeka kuti ndipo ndiyambire pati?"

Mphwanga, ndikutchula choncho poti ndakusiya ndi zaka zoposa 15, ndipo undikhululukire ndilemba zambiri chifukwa funso lakoli likuoneka lalifupi koma mkati mwake mwapiringizana nkhani zingapo. Ine kwathu ndi ku Mchinji, kupitirira pa Kamwendo, ndiye zokulira pamalo poti aliyense amadziwa agogo ako, mpingo wanu mpaka dzina la galu wa pakhomo panu ndikuzidziwa bwinobwino. Ntchito ya uphungu ndagwira zaka zambiri mu Lilongwe momwemo, ndipo ambiri amene ndakhala nawo pansi ndi anyamata ngati iweyo, otsika pa depoti ndi chikwama chimodzi mumtima akuti basi tsopano ndamasuka.

Ndiyambe ndi chomwe sindikupatsa. Dzina la bala, loji kapena malo oti "pita apa Lachisanu usiku ukawapeza" sindilemba. Sikuti ndikukumana ayi, koma izi sukuwerenga wekha, akuwerenganso ena amene akusaka malo omwewo ndi zolinga zoipa, ndiye nditchule dzina lero mawa anthu osalakwa akamenyedwe kapena mwini malo awapitikitse. Komanso kunena zoona Lilongwe si Johannesburg kapena Cape Town komwe kuli malo odziwika ochita kukhoma mbendera pakhomo. Kuno anthu amakumana m'nyumba za anzawo, pa bethide ya wina, pa kanyama kootcha Loweruka masana, ndipo komwe akukonda kupita chaka chino chaka cha mawa asintha. Kuti ufike m'menemo pamafunika munthu wokulowetsa, ndipo yankho langa lonse lagona pamenepo, tibwererapo.

Lilongwe ndi wamkulu zoona, kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mu mzindawu pomwe tauni ya Kasungu sinafike ndi 60,000 yomwe. Koma usanamizike. Kuchoka pa Kasungu kufika mu tauni ndi makilomita pafupifupi 130 okha pa M1, maminibasi ndi masiyenta akungopita kubwera tsiku lonse, ndipo anthu akwanu ali mbwee ku Lumbadzi, ku Kanengo, ku Area 25, wina ndi kondakitala, wina akugulitsa kaunjika, wina ndi mlonda pa geti pa ofesi yomwe ukukagwirayo. Ine ndinakhalapo pa malo odyera ku Old Town ndikuganiza kuti palibe akundidziwa, pofika madzulo mayi anga ku Mchinji akundiimbira kufunsa kuti malaya ofiira aja ndagula liti. Ndiye ufulu ulipo wochulukirapo kusiyana ndi pa boma, koma maso aliponso.

Za malamulo tikambe poyera usapite uli m'chimbulimbuli. Gawo 153 la Penal Code limapereka zaka mpaka 14 kundende pa kugonana komwe lamulolo limati n'kosemphana ndi chilengedwe, gawo 154 ndi la kungoyesera chabe, zaka 7, ndiye pali gawo 156 lokamba za zomwe amati zonyansa pakati pa amuna, kaya pagulu kaya kuchipinda chotseka, zaka 5. Malamulowa anabwera ndi atsamunda koma tinawasunga tokha. Mu 2010 unali mwana, mwina unangomva akuluakulu akuseka za Aunt Tiwo, koma Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, aja anachita chinkhoswe ku Blantyre kumapeto kwa 2009, anawalamula zaka 14 zathunthu, Bingu n'kudzawakhululukira mu Meyi 2010 Ban Ki-moon atabwera kuno. Mu 2012 boma la Joyce Banda linati kumanga kuyambe kwaima, mu Disembala 2015 nduna ya zachilungamo Samuel Tembenu inabwereza mawu omwewo amuna awiri atagwidwa ku Area 25, koma lamulo lenilenilo palibe analifufuta, ndipo pa 28 Juni 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko ku Blantyre, pa mlandu wa Jan Willem Akster ndi Jana Gonani, linagamula kuti magawowa akhalebe, ofuna kusintha akagogode ku Nyumba ya Malamulo. Ndiye wina akakuuza kuti "aaa zinatha kale zimenezo" akukunamiza kapena sakudziwa.

Koma pali mbali ina yomwe ambiri saidziwa ndipo akathyali amadyerapo. Lamulo likukamba za mchitidwe. Palibe gawo lonena kuti kukhala gay ndi mlandu, kapena kuti amuna awiri kudya tchipisi limodzi pa Gateway Mall ndi mlandu, kapena kuti kuyenda monyang'wa ndi mlandu. Chomwe chimasanduka umboni ndi za mufoni mwako ndi za pakamwa pako. Ndipo pa zomwe ndaona ine, amene amaligwiritsa ntchito lamuloli tsiku ndi tsiku ndi anthu oopseza ofuna ndalama, amadziwa kuti sungathamangire ku polisi. Pa anthu onse amene andipeza akulira, ofika mpaka ku khoti ndi ochepa kwambiri, koma olandidwa foni ndi malipiro a mwezi ndasiya kuwawerenga.

Tsopano ma app, poti ndikudziwa ndi komwe uyambire kaya ndikuletse kaya ndisakuletse. Grindr, app ya amuna ofuna amuna anzawo, ukatsegula uli ku Kasungu mwina woyandikira amakhala kutali zedi, koma ukangodutsa pa Lumbadzi foni idzaza ndi zifuwa zopanda mitu, zithunzi za maluwa ndi mabokosi akuda opanda kanthu. Mutu uzungulira, ndikukuuziratu. Tinder aliponso, ndipo ambiri akadali pa Facebook ndi maakaunti a mayina abodza aja ukuwadziwa kale. Anthu abwino alimo, ndikudziwa awiri amene anakumana pa Grindr ndipo akhala limodzi zaka, koma ndi msika wa Tsoka uja, chabwino ndi chowola zili mulu umodzi ndipo otsomphola m'matumba akuyenda momwemo. Grindr imaonetsa mtunda wa pakati pa iwe ndi mnzako mpaka mamita, chimenecho thimitsa tsiku loyamba lomwe, chifukwa munthu wochenjera akhoza kuyendayenda mu lokeshoni mpaka kudziwa mpanda womwe ukukhala. Akaunti ya Facebook yachinsinsi usaitsegule ndi nambala yomwe ili ndi abale ako ndipo usailole kuwerenga manambala a mufoni, apo bi tsiku lina idzatulukira kwa msuweni wako ngati munthu yemwe mwina akumudziwa.

Ndiye ya thiransipoti ija wadandaula. Vuto lake silithera pa K5,000 yomwe wataya. Ma SIM onse kuno analembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndipo ukatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba meseji imafika ndi dzina lako lenileni, loyamba ndi la bambo ako. Iwe wakhala masabata awiri ukudzitcha dzina lina, tsiku limodzi watumiza kandalama ndipo munthu uja wangotenga dzinalo kukalisaka pa Facebook, wapeza chithunzi chako cha ku kwaya, mlongo wako, abwana ako. Truecaller nayonso imaulula dzina lomwe anzako anakusevera. Munthu amene simunaonanepo maso ndi maso asalandire ngakhale tambala, akati alibe yobwerera umuuze kuti tidzakumana tsiku lomwe udzakhale nayo, akakwiya wadzisefa yekha. Zithunzi nazo, nkhope ndi maliseche zisakhale pa chithunzi chimodzi mpaka kalekale, ngakhale kwa amene ukumukonda, chifukwa zibwenzi zimatha koma zithunzi zimatsala. Zija za WhatsApp zoona kamodzi zisakupusitse, munthu amangotenga foni ina n'kujambula sikirini. Uziyang'ananso zakumbuyo kwako pa chithunzi, kalendala ya mpingo pakhoma, yunifomu ya kuntchito pa hang'ala, zimenezo zaululapo anthu.

Ndikufotokozere mmene msampha umayendera, chifukwa nkhani ndi imodzimodzi amangosintha mayina. Mnyamata wina, wa msinkhu wako ndithu, anangotha miyezi iwiri mu tauni. Anacheza ndi wina masiku atatu okha, mawu okoma, "dear" m'mawa "dear" usiku, chithunzi cha munthu wooneka bwino. Tsiku lachinayi akuti bwera kwathu, ankolo apita kumudzi ndili ndekha. Anakwera minibasi, kenako kabaza, kenako akumuimbira kuti tsika pa mjigo ulowe kanjira ka kumanzere, nyumba ya kuseri yopanda pulasitala. Anamulandira bwino, anamupatsa mpando, uja n'kuvula malaya kuti kukutentha, nayenso avule. Mphindi khumi sizinathe chitseko chinatseguka, analowa atatu, wina foni ili kale m'mwamba akujambula, wina akuti ndine mkulu wake ukumuononga mng'ono wanga, wina akuti ndine wapolisi koma chiphaso osaonetsa. Anamumenya makofi, anamutsegulitsa foni, ndalama zonse za mufoni anasamutsa, kenako anapita pa manambala n'kuima pa lolembedwa kuti "Mayi", kumuonetsa, chala chili pamwamba. Analipira mwezi ndi mwezi kwa miyezi inayi asanabwere kwa ine, ataonda ngati wadwala. Chomwe ndimakumbukira n'choti ankangobwereza kuti "koma ankalankhula bwino akulu." Eya, ndiyo ntchito yawo. Chikomekome cha mkuyu.

Chizindikiro chachikulu cha anthu amenewa ndi changu. Amafuna lero lomwe, akukana video call kuti kamera inafa, akukana kukumana pagulu kuti ndine wamanyazi, akusintha malo uli kale m'njira, akufunsa msanga kuti umagwira kuti ndipo foni yako ndi yanji. Munthu amene akufunadi chibwenzi nayenso ali ndi mantha ngati ako omwewo, ndiye ukamuuza kuti tiyambe taonana masana pa malo a anthu amapuma mpweya wabwino, sakwiya. Kukumana koyamba kukhale masana, pa malo odyera kapena pa mall pomwe amuna awiri kukhala pa tebulo palibe angacheuke, ndalama yobwerera ili m'thumba mwako, mufoni mulibe ndalama zambiri, chakumwa chako osachisiya pa tebulo kupita ku toileti. Kwanu ayi, kwawo ayi, mpaka mutaonana katatu kanayi ndipo nkhani zake zikugwirizana, dzulo anati amakhala ku Kawale lero asati ku Chinsapo. Pakhale munthu mmodzi wodziwa komwe uli, WhatsApp imalola kugawana live location mpaka maola 8, mugwirizane kuti ikakwana 5 koloko sindinakuimbire undiimbire. Ndipo zaka ufunse ndi kuona ndi maso ako, osakwana 18 ndi mwana, Malamulo a dziko anatero mu 2017 ndipo ngakhale akanapanda kutero, thawa, pamenepo palibe zokambirana.

Waona kuti ndati pakhale munthu mmodzi wodziwa komwe uli? Iwe wandiuza kuti palibe akudziwa za iwe. Ndiye vuto lako loyamba ukafika ku Lilongwe ndi limenelo, kusowa mnzako, chibwenzi chibwere pambuyo. Ndikudziwa sizomwe umafuna kumva, zaka 27 wadikira, thupi ndi mtima zikufuna munthu, koma amene amagwa m'misampha ndi m'zibwenzi zozunza kwambiri ndi amene ali okhaokha, chifukwa woyamba kumuuza mawu okoma amasanduka zonse, bwenzi, m'bale, phungu, ndiye akamakuzunza ulibe kokadandaula. Pomwe ukakhala ndi anzako atatu anayi a mtundu wathu uno amene simugonana, zinthu zimasintha kwambiri. Ukawaonetsa chithunzi amakuuza pompo kuti ameneyo tikumudziwa anabera uje, kapena ameneyo ali ndi mkazi ndi ana atatu ku Area 23, kapena ameneyo ndi munthu wabwinobwino anasiyana ndi wake chaka chatha. Anthu ake si ambiri ngati mmene mzinda ukuonekera, amadziwana. Zibwenzi zolimba zomwe ndaziona zambiri zinayamba ndi "bwera ku bethide ya mnzanga, kukhala anthu ochepa", munthu n'kumuona kangapo ali pakati pa anzake, mmene amalankhulira akamwa, mmene amachitira bilu ikabwera, musanayambe n'kufunsirana komwe.

Anzakowo uwapeza kuti? Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi ya mabungwe. CEDEP yakhala ikugwira ntchito ndi amuna ogonana ndi amuna anzawo kwa zaka zambiri, pa zaumoyo ndi pa zaufulu, ndipo pali Nyasa Rainbow Alliance, omwe anatsogolera ulendo wa Pride woyamba m'misewu ya Lilongwe mu Juni 2021. Mabungwe otere amakhala ndi ma peer educator, anyamata a m'gulu lomweli amene ntchito yawo ndi kugawa makondomu, kuperekeza anthu koyezetsa ndi kuwalumikiza ndi anzawo. Uwalembere pa masamba awo enieni, unene kuti ndine mlendo mu tauni ndikufuna za umoyo ndi uphungu, usayambe ndi "ndipezereni mwamuna" chifukwa si ankhoswe ndipo nawonso amayamba akusefa kuti ndiwe ndani. Dziwanso kuti kuchokera mu Januwale 2025 pomwe America inaimitsa thandizo lake lambiri, ntchito zina za mtunduwu zinachepa ndipo malo ena anatseka, ndiye ufunse kaye usanawononge thiransipoti. Ukapita kamodzi kawiri udzayamba kuona nkhope zomwezo, wina adzakuyankhula. Udzapezamonso miseche, nsanje ndi timagulu, ndisakunamize kuti ndi kumwamba, ndipo m'gulu momwemo muli ena olongolola amene angakuulule osafuna, ndiye dzina la kuntchito ndi la kumudzi kwanu uzisunge mpaka utadziwa woyenera kumuuza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero akuluakulu.

Tibwere pa mawu ako aja, wa singo. Okwatira achuluka chifukwa chomwe iwenso uchidziwa posachedwa, munthu akafika zaka 30 amalume amayamba kufunsa, mayi amayamba kudwala BP ya "ndifa osaona mdzukulu", ku mpingo akukuloza atsikana a mu kwaya, ambiri amagonja. Sindiwaweruza mwankhanza, ena ndi anzanga, koma ndikuuze zoona zake, ukakhala pa chibwenzi ndi wokwatira udzakhala wa Lachiwiri masana, Khirisimasi uli wekha, ukadwala sangabwere kudzakugoneka, ndipo tsiku lomwe mkazi wake adzagwire foni dzina loipa lidzakhala lako, iye adzati unamulodza. Pali mayi uja naye amene sanalakwe kanthu. Ndiye funsa msanga ndipo funsa mosazungulira: muli pabanja? muli ndi ana? mumakhala ndi ndani? Wokwatira amadziwika, usiku foni sayankha, Loweruka ndi Lamulungu amazima, amangoimba ali m'galimoto, kwawo sakutengera. Ndipo nenanso msanga chomwe iwe ukufuna. Ambiri pa ma app akufuna za usiku umodzi, ndi ufulu wawo, koma ukabisa kuti iwe ukufuna chokhalitsa poopa kumuthawitsa, udzathera miyezi ukulira munthu amene sanakulonjeze kanthu. A singo ofuna zenizeni alipo, kungoti sachita phokoso, ambiri anatopa ndi ma app anawafufuta, n'chifukwa chake ndikulimbikira za anzako zija.

Funso lomwelo likubwerera kwa iwe, mphwanga. Amalume ako akadzayamba za ukwati udzatani? Munthu wanzeru adzakufunsa zimenezi pa tsiku lachitatu, chifukwa palibe amafuna kumanga zaka zinayi kenako n'kulandira khadi la ukwati wako kuti adzakhale mu komiti ya zakudya. Zimenezo zinamuchitikira wina amene ndimamudziwa, anapitadi mpaka anaponya nawo ndalama pa pelekanipelekani, anabwera kwa ine Lolemba lake osatha kulankhula. Sindikuti ukaulule kwanu, zimenezo ndi zako ndipo osachita usanaime pawekha pa ndalama ndi pokhala, koma uyambe kuliganizira yankho.

Za ndalama mwachidule. Uli pa ntchito ndiye ena adzakuona ngati ATM, bandulo lero, lendi mawa, maliro a azakhali mkuja. Kuthandizana m'chibwenzi kulipo koma kumabwera pambuyo ndipo kumayenda mbali zonse. Mbali inayo, kuli madala a magalimoto amene amakonda ongofika kumene kuchokera ku maboma chifukwa sadziwa kanthu, akugulira foni, akulipirira nyumba, kenako kondomu akukana ndipo ulibe pakamwa poyankhira chifukwa denga ndi lawo. Nyumba ikhale ya dzina lako ndi ndalama yako ngakhale ikhale kachipinda kamodzi. Posankha nyumbayo, pewa ya mpanda umodzi ndi alandilodi amene amakhala pakhonde kuwerenga alendo, ndipo ngati ungathe usakhale kwa wachibale nthawi yaitali. Anthu athamangitsidwapo usiku katundu ali panja chifukwa cha mphekesera chabe, ndiye kusunga ndalama ya lendi ya mwezi umodzi pambali si nkhani yamasewera.

Zaumoyo sindingasiye, ndi ntchito yanga. Yezetsa HIV usanayambe chibwenzi ndipo muzikayezetsa miyezi itatu iliyonse ngati mukugonana, zilipo zodziyeza wekha za m'kamwa za OraQuick zotulutsa zotsatira pa mphindi 20, koma zikaonetsa mizere iwiri ukatsimikize ku chipatala. Kugonana kwa kumbuyo kopanda chitetezo ndi komwe kachilombo kamalowa mosavuta kwambiri, makamaka kwa wolandirayo, chifukwa khungu la mkati ndi lopyapyala ndipo limachekeka osamva. Kondomu iziyenda ndi lubrikanti wa madzi uja wa m'timapaketi. Vaseline, mafuta ophikira, loshoni, zonsezo zimafoola kondomu mpaka kuphulika, ndipo malovu sakwanira. Ngati ulibe kachilombo funsa za PrEP, mapiritsi akumwa tsiku lililonse oteteza kuti usatenge, ndipo kuchokera mu 2024 ku Lilongwe ndi ku Blantyre kunayamba kupezeka ya jakisoni wobaya miyezi iwiri iliyonse, ufunse ngati ilipo pomwe wapitapo. PrEP sateteza chindoko kapena chinzonono, ndipo matenda amenewa amatha kukhala kukhosi kapena kumbuyo osaonetsa chizindikiro. Ngozi ikachitika, kondomu yaphulika kapena wina wakukakamiza, pali PEP, mankhwala oteteza HIV omwa ngozi itachitika kale, uyambe maola 72 asanathe ndipo msanga ndi bwino, umamwa masiku 28. Ukakumana ndi munthu wabwino n'kukuuza kuti ali pa ma ARV usathawe, amene akumwa mokhulupirika mpaka viral load yake, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, kusaoneka sapatsira mnzake pogonana, ndipo woti wakuuza yekha ndi wachilungamo kuposa khumi amene sanayezetsepo. Ku Lilongwe kuli Lighthouse pa Kamuzu Central ndi Martin Preuss pa Bwaila, odziwika pa za HIV, ndipo ma peer educator aja amadziwa namwino amene amalandira bwino anthu osayamba ulaliki, chifukwa kunena zoona si onse.

Zikakuvuta, wina wayamba kukuopseza, choyamba usalipire ukuganiza kuti atha, ndalama yoyamba ndi imene imamuuza kuti mgodi wapezeka. Sunga mameseji onse ndi manambala, usafufute chifukwa cha mantha, kenako uza a bungwe kapena loya musanapite kulikonse, iwo amadziwa poyambira. Kuopseza munthu kuti akupatse ndalama ndi mlandu, kumuzunza kapena kumuopseza pa intaneti ndi mlandunso pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016, ndipo ambiri mwa anyamatawa akangomva kuti pali loya amazima chifukwa ali ndi anthu ena khumi amene anawabera. Ukagwidwa ndi apolisi enieni, gawo 42 la Malamulo a dziko limakupatsa ufulu wokhala chete, wolankhula ndi loya, ndi wofikitsidwa ku khoti pasanathe maola 48, belo ya ku polisi ndi yaulere, ndipo kuli Legal Aid Bureau kwa amene alibe ndalama ya loya. Usasayine pepala lomwe sunawerenge, usavomere kanthu chifukwa wina wakuuza kuti ukavomera tikusiya. Nambala ya munthu mmodzi wodalirika uiloweze pamtima chifukwa foni ndi yoyamba kulandidwa.

Ndiye ukatsika pa depoti mwezi wa mawa, masabata oyamba ungophunzira ntchito, minibasi ya kwanu imakwerekera pati, ndani pa ofesi ndi wa ku Kasungu. Foni uike pini ya manambala osati ya chala, chala amatha kukugwira dzanja n'kutsegula, ndipo mameseji asamaonekere pa sikirini ikakhala yotseka. Ukakhazikika ulembere limodzi mwa mabungwe aja, upite ukayezetse, ucheze ndi amene akulandireyo. App utsegule pambuyo pake, utapeza kale munthu woti ungamutumizire chithunzi n'kumufunsa kuti aise uyu ukumudziwa? Ndipo nambala ya mayi ako ija, uisinthe dzina usanakwere minibasi, ingolemba la kwawo kapena la mwana wawo woyamba mmene amawatchulira anzawo kumudzi.